Mwana wanga amamva m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu, kodi ndi misala ya kumtundu?

Funso: Adokotala, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 10, ali sitandade 5, timakhala ku Blantyre. Kuyambira teremu yathayi m'mawa uliwonse akamati azipita kusukulu amayamba kudandaula m'mimba, pena kusanza kumene, kulira atandigwira chitenje. Malungo tayezetsa kangapo sakupezeka. Loweruka ndi Lamulungu amasewera bwinobwino. Usiku amakana kugona yekha, amadzuka kudzandiyang'ana ngati ndikupuma. Zinayamba nditagonekedwa m'chipatala masabata awiri pobereka khanda langali. Bambo ake akuti ndi ulesi akufunika chikwapu, apongozi akuti tipite naye kwa asing'anga. Ine mantha anga ndi oti mng'ono wanga anadwalapo mpaka kukagonekedwa ku Zomba, anati ndi bipolar, nde kapena zayamba kumugwira mwanayu?

Yankho: Mayi, pepani ndi zomwe mukukumana nazozi, khanda kumsana kwinaku wamkuluyo akulira m'mawa uliwonse si zophweka. Ndiyambe ndi chomwe chikukusowetsani tulo: zomwe mwalembazi sizikufanana ndi matenda a mng'ono wanu aja ayi. Zikufanana kwambiri ndi matenda a nkhawa a ana, makamaka mtundu woopa kusiyana ndi kholo, ndipo amenewa amamva thandizo bwino kwambiri akagwiridwa msanga. Kutsimikiza kwenikweni kumafuna wachipatala amuone mwanayo maso ndi maso, koma nkhani yanuyi timaimva kawirikawiri, mpaka kakudzuka usiku kukaona ngati mayi akupumako.

M'mimbamo mukupwetekadi, mwana sakunama. Apa ndikufuna bambo ake amve, ngati nkotheka muwawerengere. Munthu akachita mantha ubongo umauza thupi lonse kuti likonzeke kuthawa, thupi limatulutsa adrenaline, kachinthu ka m'magazi kolidzidzimutsa, mtima umagunda mothamanga, kupuma kumakhala kwa befubefu, magazi amachepa kumatumbo nkupita ku minofu ya miyendo ndi mikono, nde m'mimba mumapotokola, nseru imabwera, ena amatsegula m'mimba kumene, ena ndi mutu. Bambowo akudziwa mmene m'mimba mumachitira foni ikalira pakati pa usiku kuchokera kumudzi, musanamve nkomwe uthenga wake. Zimenezo nzomwe mwanayu akumva akangoona yunifomu. Loweruka sizibwera chifukwa Loweruka palibe chomulekanitsa ndi inu. Mwana wozemba sukulu chifukwa cha ulesi amabisa, amanyamuka ngati akupita nkukathera kokaonera mafilimu kapena kudambo ndi anzake, safuna makolo adziwe. Wanuyu sakubisa kanthu, akufuna akhale pomwe muli inu. Chikwapu chingamufikitse pageti ya sukulu tsiku limodzi, koma chikhala chawonjezera mantha achiwiri pamwamba pa oyamba aja, ndipo chowawa kwambiri nchoti mwana amasiya kukuuzani zomwe zili mumtima mwake.

Taonani pomwe zinayambira. Mwana wa zaka 10 amadziwa kale kuti imfa nchiyani, amadziwa kuti azimayi ena amapita kukachira osabwerako, wamvapo akuluakulu akunong'onezana, wapitapo pamaliro. Masabata awiri munali m'chipatala aja mwina palibe anamukhazika pansi kumuuza chikuchitika nchiyani, kwathu kuno timangoti "amayi ako abwera" basi, mwana nkumaona nkhope za akuluakulu zili ndwii, mafoni akulira, anthu akunyamula zakudya kupita kuchipatala, iye osauzidwa kanthu. Nde mumtima mwake munakhazikika ganizo loti ndikachoka pafupi ndi amayi china chake chiwachitikira. Akakhala m'kalasi thupi lokha ndi lomwe lili pamenepo, maganizo onse ali kunyumba kulondera inu.

Kamwana ka miyezi 8 mpaka zaka ziwiri zitatu kulira mayi akachoka nzachibadwa, palibe chodabwitsa. Timayamba kuti ndi matenda ngati manthawo apitirira msinkhu wake, atha masabata 4 kapena kuposerapo, ndipo akumulepheretsa zomwe anzake akuchita monga sukulu, kugona, kukacheza kwa azakhali. Wanuyu watha teremu. Ndipo sali yekha, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, mwa iwo 58 miliyoni anali ana ndi achinyamata, komanso limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 mmodzi ali ndi vuto la maganizo. M'kalasi yodzaza ngati za sukulu zathuzi ndiye kuti alimo angapo, kungoti aliyense zimamutulukira mwake. Wina amalongolola kunyumba koma kusukulu satulutsa liwu olo limodzi, wina amadandaula chilichonse, mayeso, ndalama za lendi, ngati bambo afika bwino, wina wa sitandade 8 mayeso a MANEB akayandikira manja amanjenjemera mutu nkuima. Pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023 kunali ana ambiri a ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche omwe mitambo ikangoda amayamba kunjenjemera, imeneyo ndi nkhawa yobwera chifukwa cha zoopsa zomwe mwana waona ndi maso.

Koma musanagwire zoti ndi nkhawa basi, pali zinthu zofunika kuzifufuza kaye, ndipo apa musathamange. Pena mwana amaopa sukulu chifukwa kusukuluko kuli choopsa chenicheni. Mwina alipo akumumenya kapena kumulanda kandalama ka bureki, mwina mphunzitsi amamuchititsa manyazi pamaso pa anzake, mwina panjira pali munthu amamuimitsa, kapena wina wake, kusukulu kapena panyumba pomwepo nthawi ija inu kunalibe, anamugwira malo osayenera. Ndikudziwa kuti ndi ganizo lowawa koma mwana wamkazi akasintha mwadzidzidzi funso limeneli timafunsa nthawi zonse. Mufunseni muli awiriwiri, modekha, osamuika mawu m'kamwa: "alipo amene anakuchita zinthu zomwe sunazikonde?" Akanena kanthu mukhulupirireni, osakalipa, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ku Queens kuli Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha ana amathandizira malo amodzi, komanso nambala ya 116 ya Tithandizane ndi yaulere. Chinanso, m'sukulu zambiri zaboma sitandade 5 ndi pomwe Chingerezi chimakula mphamvu m'maphunziro, mwana yemwe amakhoza bwino amatha kupezeka sakumva kanthu nkumachita manyazi kunena, ena saona bwino pabolodi. Tsegulani makope ake muone, mucheze ndi aphunzitsi ake.

Thupi nalo liyezedwe kamodzi mokwanira: magazi ngati ndi okwanira, njoka za m'mimba, mkodzo, sikelo. Ngati akutentha thupi, akuonda, m'chimbudzi muli magazi, kapena ululu ukumudzutsa pakati pa usiku ngakhale Loweruka, imeneyo ndi nkhani ina, achipatala afufuze bwino. Koma zonse zikapezeka zili bwino musapitirize kuzungulira zipatala ndi mafamase kugula panado ndi LA, chifukwa ulendo uliwonse ukumuuza mwana kuti m'mimba mwake muli chinthu choopsa chomwe madokotala akulephera kuchipeza.

Tsopano pachimake penipeni. Nkhawa imakula ndi kuthawa. M'mawa mwana akalira inu nkuti "chabwino khala lero", pompo m'mimba mumasiya, mtima umakhala pansi, aliyense apuma. Koma ubongo wake waphunzira kuti ndapulumuka chifukwa sindinapite, ndipo amayi ali moyo chifukwa ndinawalondera. Mawa manthawo amabwera okulirapo. Masiku akamachuluka ali kunyumba kubwerera kumavutiravutira, maphunziro amupitirira, anzake azimufunsa unali kuti, nde pamakhala zoopa zatsopano. Chifundo chanu nchabwino mayi, palibe angakudzudzuleni, koma chifundo chomusunga kunyumba ndi chomwe chikudyetsa matendawa. Mankhwala ake enieni ndi oti mwana akumane ndi chomwe akuopacho pang'onopang'ono, inu muli kumbali yake, mpaka thupi lake lidzionere lokha kuti ndinapita, ndinabwera, amayi ndawapeza ali bwino. Njira imeneyi ndi mbali yaikulu ya thandizo la kukambirana lomwe achipatala timati CBT, lophunzitsa munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, ndipo zambiri zake mutha kuziyamba nokha.

Pitani kaye nokha mukakumane ndi aphunzitsi ake ndi ahedi, muwafotokozere kuti si mwano, mugwirizane kuti akafika mochedwa kapena akulira asamukwapule kapena kumuseketsa, ndipo pakhale mphunzitsi mmodzi, kapena mayi wa mother group, yemwe mwana angapiteko mantha akamukulira mmalo momubweza kunyumba. Kenako mukhale pansi ndi mwanayo mupange dongosolo limodzi, iyenso aikepo maganizo. Masiku oyamba mumuperekeze mpaka pakhomo la kalasi, akhale mpaka bureki, inu mudzamutenge pa nthawi yomwe mwalonjezayo ndendende, osachedwa olo pang'ono chifukwa mukachedwa mwatsimikiza mantha ake onse. Zikakhazikika akhale mpaka kuweruka. Kenako muzimusiya pageti, kenako pakati panjira, kenako azipita ndi mnzake wapafupi. Khanda likakupanikizani bambo ake kapena azakhali atha kuperekeza, ndipo ana ena savutika kwambiri potsanzikana ndi bambo ngati mmene amavutikira potsanzikana ndi mayi. Potsanzikana musatalikitse, mawu ochepa, "ndikudziwa ukuopa, ndikudziwanso kuti ukwanitsa, tionana pa bureki", nkutembenuka kumapita ngakhale akulira. Osazemba iye atayang'ana kumbali, osamunamiza kuti ndili panja pomwepa pamene mwapita, mwana wankhawa akakugwirani bodza kamodzi amayamba kukulonderani kawiri. Ana ambiri amatonthola pakangopita kanthawi kholo litachoka, afunseni aphunzitsi akuuzani.

Sabata yoyamba kulira kumatha kukula kaye kusanayambe kuchepa, apa ndi pomwe makolo ambiri amagwa ulesi nkuti sizikuthandiza. Zikuthandiza, limbani mtima. Lolemba lililonse komanso potsegulira teremu zimabwererako pang'ono, musadabwe. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lomwe zakanikiratu watsala kunyumba, lisakhale tchuthi, nthawi ya sukulu akhale ndi makope ake, TV ndi foni ayi, osati ngati chilango koma kuti kunyumba kusakome kuposa kusukulu. Ndipo akapita, ngakhale anapita akulira, muyamikireni kulimba mtimako, "unaopa koma unapita". Mphatso yomwe imagwira ntchito kwa mwana ngati uyu si masiwiti, ndi nthawi ya inu ndi iye nokha, khanda mutalisiyira wina, olo kungopita limodzi kumsika. Kumbukirani kuti anali yekha pamwendo panu, pano pali wina.

Usiku chimodzimodzi, pang'onopang'ono. Mukhale pambali pake mpaka agone, masiku otsatira pakhomo la chipinda, kenako muzingobwera kudzamuona. Mumuphunzitsenso kupuma: dzanja pamimba, akoke mpweya ndi mphuno mofatsa akuwerenga mpaka 4, autulutse pakamwa mofatsa kwambiri akuwerenga mpaka 6, kangapo. Muziyeserera limodzi madzulo ali bwinobwino, chifukwa mantha atamugwira kale sangaphunzire chatsopano.

Nkhani ya kuchipatala ija muikambe. Osati m'mawa nthawi ya nkhondo ya yunifomu, koma masana mukusankha nyemba kapena mukuchapa, manja ali pantchito ana amamasuka. Mufunseni, "ukakhala kusukulu umaganiza kuti kunyumba kukuchitika chiyani?" nkukhala chete kumudikira. Akanena kuti ndimaopa mufa, osamudula kuti usamayankhule zimenezo. Muuzeni zoona pa msinkhu wake: ndinadwala pobereka, madokotala anandithandiza, pano ndachira, ndikadzadwalanso ndidzapita kuchipatala ndipo iwe tidzakuuza zonse, udzakhala ndi akutiakuti. Mukayankha bwino kamodzi kawiri basi, akamafunsa kakhumi patsiku "simufa eti?" muzimubwezera modekha kuti "tinakambirana kuti chiyani paja?" ayankhe yekha, chifukwa kumutsimikizira mobwerezabwereza kumamutonthoza mphindi zochepa kenako amafunanso kwina.

Tibwere kwa mng'ono wanu. Bipolar ndi matenda a kusinthasintha kwakukulu kwa mmene munthu akumvera mumtima, ndipo sikuti ndi kukwiya m'mawa nkuseka madzulo ayi. Pamakhala nyengo ya sabata kapena kuposa yomwe munthu amagona maola awiri atatu okha koma osatopa, amayankhula mothamanga osadukiza, amadziona ngati wamkulu kapena wotumidwa mwapadera, amamwaza ndalama, amayamba zinthu zambirimbiri, ndiye pamabweranso nyengo ina ya kukhumudwa kozama. Kawirikawiri amayamba munthu ali chakumapeto kwa zaka za m'ma 10 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 20, kwa mwana wa zaka 10 ndi osowa kwambiri. Nzoona kuti amayenda m'magazi, wachibale amakhala ndi mpata wokulirapo poyerekeza ndi munthu wamba, koma achibale ambiri sadwala, ndipo mwana wa mchemwali ali patali kusiyana ndi mwana wobereka yekha. Mwa zomwe mwalemba palibe chizindikiro cha bipolar olo chimodzi. Mbiri ya kumtunduyo mukaitchule kuchipatala osachita manyazi, imathandiza. Mng'ono wanuyo mulimbikitseni asasiye mankhwala akaona kuti ali bwino, kusiya ndi komwe kumabweza anthu ambiri ku Zomba, ndipo ngati akumwa sodium valproate nkumaganiza zotenga mimba ayambe wakambirana ndi adokotala chifukwa mankhwala amenewo amatha kuvulaza mwana m'mimba.

Chomwe ndingati muziyang'anira kwambiri ndi depression, matenda a kukhumudwa, chifukwa nkhawa ikasiyidwa zaka imakonda kutsegulira amenewa njira mwana akamakula. Kwa ana saoneka ngati kulira kokha, nthawi zambiri ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kusiya zomwe amakonda, kudya pang'ono kapena kwambiri, tulo kusokonekera, kutopa, kudzinena kuti ndine wachabechabe, ndipo zimakhala pafupifupi tsiku lonse, masiku onse, kwa masabata awiri kapena kuposa, Loweruka lomwe. Wanuyu Loweruka akusewera phada ndi fulaye ndi anzake, chimenecho nchizindikiro chabwino. Tsiku lomwe mudzaone kuti ngakhale masewera sakumukomanso, pitani naye msanga. Ndipo mwana aliyense akanena kuti bola kufa kapena ndikanapanda kubadwa, musati ndi zachibwana. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, kumamupatsa mpata wolankhula. Asakhale yekha, mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapilitsi onse atsekeredwe, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za apongozi, akunena chifukwa chomukonda mdzukulu wawo, musakangane nawo, muwapatse gawo lawo pa dongosololi, mwina ndi iwo angamaperekeze. Koma ine maganizo anga ndi awa: mwana yemwe akuopa kale kuti amayi ake afa, mukamuuza kuti wina akumulodza kapena ali ndi ziwanda mwamupatsa choopa china chomwe sangachione nkomwe, ndiye agona bwanji? Kumutema mphini, kumumwetsa zosadziwika, kapena mapemphero omuzungulira anthu akukuwa usiku wonse, zimenezo mukanireni. Pemphero lofatsa la pabanja pogona, lomuuza kuti Mulungu akusunga iye ndi amayi ake, limenelo limamukhazika mtima pansi, pitirizani.

Mapilitsi pa msinkhu uwu si poyambira. Malangizo a WHO kwa achipatala wamba ndi oti mwana wosakwana zaka 12 asapatsidwe mankhwala a depression, ndipo kwa achinyamata okulirapo mankhwala ngati fluoxetine amaperekedwa thandizo la kukambirana likakhala kuti silinakwanire, katswiri akuyang'anira pafupi. Musamugulire diazepam kapena piritoni kuti agone, ndipo musamugawire a mng'ono wanu.

Nanga inuyo mayi muli bwanji? Munadwala kwambiri pobereka, mukuyamwitsa, tulo mulibe. Azimayi ambiri amagwidwa ndi depression kapena nkhawa akangobereka osadziwa, ndipo mwana amawerenga nkhope ya mayi ake kuposa mawu. Ngati mukumangolira, mukuganiza kwambiri, chakudya sichikukoma, mukanene kusikelo mukapita ndi khandalo. Kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa kumachiza ndithu, ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, agogo aakazi ophunzitsidwa kumakhala pabenchi pa kiliniki kumvetsera anthu ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi, kafukufuku anaonetsa kuti anthu amapezadi bwino, ndipo njirayi inafikanso m'zipatala zina kuno kwathu.

Yambani dongosolo la sukululi sabata ikubwerayi, osadikira teremu ina. Mukhale ndi kakope kolembamo tsiku lililonse: wapita kapena ayi, wakhala mpaka nthawi yanji, m'mimba munayamba liti nkusiya liti, wagona bwanji. Pakatha masabata atatu anayi osaona kusintha kulikonse, kapena zikukulirakulira, tengani kakopeko ndi buku lake lakuchipatala mupite ku health centre yanu mukapemphe kuonana ndi nesi kapena kilinikala ofesa wa za maganizo, akaona kuti nkofunika akutumizani ku Queens komwe kuli kiliniki ya matenda amenewa. Kwa owerenga a m'maboma ena, pa chipatala chachikulu cha boma lanu funsani nesi wa za maganizo, ndipo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kulinso St John of God. Mwana ngati wanuyu amathandizidwa akuchokera kunyumba, za kugonekedwa ku Zomba zichotseni m'mutu. Tsiku lopita kuchipatalalo bambo ake apemphe mpata kuntchito mupite nawo, akafunse okha mafunso awo kwa nesiyo.